Mwana wa Anakuseri

Uthengawo unafika Ida ali pa depoti ya Liwonde, akudikira bwenzi lake Hudson amene mwa chizolowezi chake anali atanena kuti wayandikira pamene minibasi inali isanadzadze n'komwe ku Balaka. Unachokera pa nambala yachilendo. Munali kakanema kakafupi, kotuwa ngati kojambulidwa m'fumbi: mayi wachitsikana akutsegula khomo la kuseri kwa nyumba, mwamuna wa chipewa chachikulu akulowa nkhope yake osaoneka, kenako mayiyo akumuyang'ana mwamunayo. M'munsi mwake munali mawu akuti: "Pepani achemwali, amenewa ndi amayi anu eti? Apongozi anu ku Rivirivi aonera kale, ati akupatseni moni."

Ida sanavutike n'kufunsa kuti wolembayo ndani. Ulemu woluma chotere unali wa Princess, namwali wa mu kwaya ya ku Rivirivi amene anakhala akusinjira amayi a Hudson ndi kuwatungira madzi, poganiza kuti mtondo ndi umene umabweretsa mwamuna. Hudson atalengeza kuti wapeza mbeta ku Ngokwe, Princess anadwala, kenako anachira n'kuyamba kufufuza.

Ndipo chofufuzacho sichinali patali, pakuti mayi wa mu kanemayo analidi amayi ake a Ida, a Monica. Ida akadali kumbuyo, anyamata ena a ku Zomba anabwera ku Ngokwe ndi kamera kudzajambula filimu yotchedwa Khomo la Kuseri. Inali nkhani ya Esitere, mkazi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kukakwatirako wina, osatumiza ngakhale kasopo, mpaka Esitereyo anayamba kutsegulira mlendo khomo la kuseri. A Monica anali katswiri pa zisudzo za ku tchalitchi, ndiye anyamatawo anawasankha kukhala Esitere. Filimuyo inazungulira nyumba zonse zoonetsera vidiyo kuyambira ku Ntaja mpaka ku Ulongwe, ndipo kuchokera pamenepo dzina loti Monica linafa. Anthu anawapatsa lina, Anakuseri, ngati kuti ndi mfunda wawo. Ida anakula akulimva dzinali pa mjigo, ku chigayo ndi kusukulu komwe. Kunyumba kokha ndi kumene filimuyo sinkatchulidwa, chifukwa bambo ake, a Elliam, mkulu wa mpingo, analetseratu.

Hudson anatulukira thukuta lili kamukamu, atanyamula kajumbo ka mandasi kopepesera. Atangoona nkhope ya Ida anadziwa kuti lero mandasi sathandiza.

* * *

Anakakhala pa benchi kuseri kwa depoti. Ida anangomupatsa foni, ndipo Hudson anaibweza asanamalize kuonera, pakuti kakanemako anali atakaona kale. Anavomera kuti amayi ake anagona ndi njala atakaona, ndipo kuyambira pamenepo ankangobwereza mawu amodzi okha, akuti make mbuu mwana mbuu.

"Koma amayi ndiwanyengerera," anatero Hudson. "Vuto ndi amalume."

Amalume ake, a Yotamu, ndiwo anali nkhoswe yake, ndipo Loweruka likudzalo anayenera kupita ku Ngokwe kukapempha mbeta. Anali mphunzitsi wopuma, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Zimene Hudson sankadziwa mpaka dzulo lake n'zoti m'masiku akale amalume akewo ankalemba za mafilimu m'nyuzipepala ina, ndipo wailesi inkawerenga zolemba zawozo. Anaonera mafilimu onse a amuna ndi akazi ozembera m'banja amene ankabwera kuchokera ku Nigeria ndi ku India, ndipo anali ndi lamulo lawo limodzi: wozemberayo alangidwe filimu isanathe. Apenge misala, agundidwe ndi galimoto, kapena agwade m'matope akupempha chikhululukiro. Filimu ikatero, a Yotamu ankaipatsa ulemu.

Khomo la Kuseri sinatero. Mwamuna wa Esitere atabwera ku Joni n'kuyamba kukalipa, Esitere anangomufunsa kumene anali zaka zonsezo, n'kutenga dengu lake kupita kukatola thonje, filimu n'kuthera pomwepo. Anthu anagawanika. Mlembi wina wa ku Blantyre anaitamanda kwambiri, makamaka nzeru yoti mlendo wa chipewa uja asaoneke nkhope ndiponso asalankhule, ati zikutanthauza kuti mwamuna aliyense angathe kukhala iyeyo. Amayi ena ankaimba foni ku wailesi kuti Esitere wawalankhulira, azibusa nawo ankaitemberera pa guwa. Koma mawu amene anatsala m'makutu mwa anthu anali a a Yotamu, ndipo Hudson anawatchula atayang'ana pansi: "Maso amene Esitere akumuyang'ana nawo mlendoyu si ophunzitsidwa ndi wojambula. Ndi maso a mkazi amene amamudziwa mwamunayo, ndipo amamudziwa bwino lomwe."

Ida anawadziwa mawuwo. Anyamata a pa msika ankawaloweza ngati vesi. Sankadziwa chabe kuti mwini wake ndi munthu amene iye anamugwadira mwezi wathawo n'kumupatsa madzi osamba m'manja.

Hudson anafotokoza kuti a Yotamu apitabe ku Ngokwe, popeza anali atalonjeza, koma akupita kukakana pamaso ndi pamaso. Kenako anagwira dzanja la Ida n'kunena kuti ngati zavuta angopita kwa DC kukalembetsa ukwati, abale adzatsatira m'mbuyo.

"Iyayi," anatero Ida. "Ukwati wopanda ankhoswe ndi wa nkhuku. Tsiku limene tidzayambane ndidzathawira kwa ndani, kwa DC? Ndipo ine sindikalowa kwanu ngati mwana wa hule amene mwamuchitira chifundo. Ngati n'choncho, kakwatire Princess, mtondo wa amayi ako anauzolowera kale."

Hudson analumbira kuti Princess sanamugwirepo ngakhale chala. Ida anamukhulupirira, koma sanafune kuti aoneke kuti wakhulupirira msanga. Anadya mandasi limodzi mwaukali, kenako anati: "Undipezere filimuyo yonse. Anthu onse a m'boma la Machinga anawaonera amayi anga, kupatula ine."

* * *

Hudson anaipeza kwa munthu wina wa ku Balaka amene amaika nyimbo m'mafoni, ndipo anakaionera masana kunyumba kwa Jane, mnzake wa Ida wa ku Liwonde, pa laputopu yobwereka. Ida anayamba kuonera atapinda manja, atakonzeka kuchita manyazi. Koma manyaziwo sanabwere. Mayi amene iye ankamudziwa, woyenda mozolika, wokhala benchi ya kumapeto m'tchalitchi, pano ankaseka mano onse panja, ankayankha apongozi ake, ankalira ngati zenizeni. Ida anamva kunyada kumene sanakuyembekezere, ndipo kunyadako kunamupweteka.

Kenako panafika paja. Khomo linatseguka, mlendo analowa atapatsa kamera msana, chipewa chitaphimba makutu. Anagwira Esitere pa mkono, ndipo Esitere anakweza maso. Hudson anatsokomola n'kuyang'ana kudenga, pakuti kunena zoona amalume ake sananame, amenewo sanali maso a sewero.

"Tabweza," anatero Ida.

Hudson anabweza.

"Imitsa pomwepo."

Ida anayandikitsa nkhope pa laputopu mpaka mpweya wake unachita nthunzi pa galasi. Sankayang'ana maso a amayi ake. Ankayang'ana dzanja lamanzere la mlendoyo, limene chala chake chaching'ono chinali chodukira pakati n'kupindikira kunja. Ida anayamba kuseka, kuseka kwake mpaka misozi, kenako misozi yokhayokha. Jane anathamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti kwagwa zovuta.

"Hudson," anatero Ida akupukuta m'maso, "dzanja ili landikwapulapo ine. Ndi la ababa."

* * *

M'mawa mwake Ida anakwera galimoto ya ku Ngokwe. Anapeza amayi ake akutong'ola chimanga pakhonde, ndipo sanazungulire. Atangotchula chala, a Monica anasiya chitsononkho, kenako nkhani yonse inatuluka ngati madzi a mu ndowa yobooka.

Anyamata a ku Zomba aja anali atasankha mnyamata wina wogula thonje kuti akhale mlendoyo. A Elliam atamva kuti mwamuna wina agwira mkono wa mkazi wawo, anthu akuonera, anati zimenezo zichitike iwo atafa. Ojambulawo atatopa n'kuwanyengerera anangoti ndiye chitani nokha bambo. A Elliam anavomera, koma popeza mwezi womwewo ankayembekezera kudzozedwa ukulu wa mpingo, anaika malamulo: nkhope isaoneke, mawu asamveke, dzina lisalembedwe. Chipewa anabwereka kwa mlonda wa pa msika. Ndiye nzeru yozama ija imene mlembi wa ku Blantyre anaitamanda inali nsanje chabe ya mwamuna wa pa Ngokwe.

Mawu a a Yotamu atamveka pa wailesi, anthu anayamba kuloza zala a Monica n'kumamvera chisoni a Elliam. Ankati taonani munthu wa Mulungu, mkazi wake wamuchititsa manyazi dziko lonse koma sanamusiye. Posakhalitsa anawaika kukhala mlangizi wa mabanja, ndipo amuna opsa mtima ankatumizidwa kwa iwo kukaphunzira kukhululuka. Chaka chilichonse ulemuwo unkakula, ndipo pakamwa pawo pankalemera.

"Anandilumbiritsa," anatero a Monica. "Ine ndinkati zitha ndi mvula ya chaka chomwecho."

Ida anafunsa za maso aja. A Monica anaseka mwamanyazi ngati mtsikana, n'kuphimba kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo akowo ankanjenjemera m'chipewa chonunkha fodya cha eni ake, chonsecho chifukwa cha nsanje. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawakonda kuposa tsiku la ukwati. Kamera inangobwera pa nthawi yolakwika."

* * *

A Elliam anali kumunda akutola thonje. Ida anawapatsa moni atagwada m'mphepete mwa mzere, kenako anati: "Ababa, ndaonera Khomo la Kuseri."

"Ndinaletsa," anayankha osatembenuka.

"Munaletsa. Koma ndaona chala chanu."

Dzanja lamanzere lija linaima pa thonje, kenako linalowa m'thumba la buluku ngati kuti lingabisalebe. A Elliam anayamba ndi ukali, ati mwana wa masiku ano alibe mwambo. Ataona kuti ukali sukugwira, anatembenukira ku zifukwa: mpingo, mabanja amene anawayanjanitsa, anthu amene angataye chikhulupiriro. Ida anamvetsera zonse. Ankawakonda bambo akewa, ndipo kuwaona akufunafuna pobisalira kunamumvetsa chisoni kuposa kumukwiyitsa.

"Ndiye ukufuna ndikaime pa gulu ndinene kuti mkulu wa mpingo ndi amene ankalowa khomo la kuseri?"

"Iyayi ababa. Ine sindinena, Hudson nayenso ndamuletsa. Dzanjalo ndi lanu. Koma Loweruka a Yotamu akadzakana, mudziwe kuti sakukana ine. Akukana amayi, ndipo amayi akhala akukanidwa kuyambira ine ndili kumbuyo."

Anadzuka n'kubwerera kunyumba. Paja amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma pakhomo pa a Elliam zinatembenuka: anadya ndi wamkulu, wopotedwa n'kukhala mwana. Masiku otsatirawo a Elliam ankadya pang'ono, kulankhula pang'ono, ndipo za Loweruka sanazitchule.

* * *

Loweruka linafika. A Yotamu anatsika pa njinga yamoto jekete ili yoyera ndi fumbi, Hudson ali pambuyo pawo ndi chikwama cha laputopu chimene Ida anamuuza kuti asachisiye. Mphasa zinayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo amalume ake a Ida, amene anali nkhoswe ya kuchikazi, anakhala moyang'anana ndi alendowo. Mwambo wake ndi woti makolo obereka sakhalapo pa nkhani za ankhoswe, choncho a Monica ndi Ida anakhala m'khitchini, khutu lili pa zenera. A Elliam anali atalawirira kumunda tambala asanatsike.

Ku mpanda kunali anthu ochuluka kuposa amene amapezeka pa nkhani zotere, pakuti mbiri inali itawanda kuti mwini mawu aja wabwera yekha. Pakati pawo panali Princess, atavala diresi la pa Khirisimasi, akuti anabwera kudzazonda azakhali ake odwala. Azakhaliwo anali chiimire pambali pake, athanzi ngati ng'ombe.

A Yotamu analankhula ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Anayamikira madzi amene anapatsidwa, anayamikira khalidwe la Ida, kenako anati iwo ndi munthu amene waonera mafilimu ambiri kuposa aliyense pamenepo, ndipo amadziwa kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Anati si mlandu kusewera mkazi wozembera, akazi ambiri anasewerapo, koma onsewo ankaoneka kuti akusewera. Mmodzi yekha ndi amene maso ake anaulula, ndipo iwo analemba zimenezo kalekale, sanasinthe. Mwana wa mlongo wawo sangatenge mkazi pakhomo pamene nkhani yotere sinayankhidwe.

Amalume ake a Ida anapsa mtima, koma nawonso mumtima mwawo ankamukayikira mlongo wawoyo. Hudson anatsegula pakamwa, n'kukumbukira lonjezo lake, n'kutsekanso. M'khitchini Ida anasuzumira pa zenera. Anayang'ana njira ya kumunda, ndipo inali yopanda munthu. A Monica anamusisita pa msana n'kunena motsitsa kuti asawadandaule bambo ake, anthu ena mantha anabadwa nawo.

A Yotamu anali atayamba kufunafuna chipewa chawo pamene anthu a ku mpanda anapatuka. A Elliam analowa pabwalo, mapazi ali fumbi lokhalokha, ulusi wa thonje utakakamira m'malaya. Anagwada chapatali monga mlendo pakhomo pawo pomwe, n'kuomba m'manja.

"Akuluakulu, ndikudziwa kuti bambo wa mwana sakhala pano. Mundilipitse nkhuku pambuyo pake. Koma a Yotamu afunsa funso, ndipo woyankha ndine." Anatembenukira kwa Hudson. "Mwana wanga, tayatsa chinthu chakocho."

Hudson sanadikire kuuzidwa kawiri. Anaika laputopu pa mpando, pamthunzi, ndipo anthu a ku mpanda anaiwala ulemu n'kukhamukira pabwalo. Khomo linatseguka, mlendo analowa, anagwira mkono wa Esitere, ndipo Hudson anaimitsa pomwepo. A Elliam anayandikira n'kuika dzanja lawo lamanzere pambali pa chithunzicho, chala chodukacho chili poyera. Sanalichotsepo.

A Yotamu anatulutsa magalasi, kuwapukuta, kuvala. Anayang'ana galasi la laputopu, anayang'ana dzanja, n'kubwereranso pa galasi. 

"Mlendo uja ndine," anatero a Elliam. "Sindinafune kuti mwamuna wina agwire mkazi wanga, ndipo sindinafune kuti mpingo undione. Ndinabisala, iye n'kusenza yekha. Mkazi uyu sanatsegulirepo khomo munthu wina koma ine."

Mayi wina anayamba kuseka, kenako bwalo lonse linaphulika. Ena ankagwirana mapewa, ena ankafuna aone chalacho pafupi, ndipo agogo ena amene anawatcha a Monica dzina lija kwa zaka zonsezi analumbira kuti iwo ankadziwa kale kuti kayendedwe kaja n'ka a Elliam.

Amene ankaganiza kuti a Yotamu agwa nkhope sankawadziwa aphunzitsi opuma. Anaimirira, nkhope ikuwala ngati alandira mendulo.

"Ndinanena ine! Ndinalemba kuti ndi maso a mkazi amene amamudziwa mwamunayo bwino lomwe. Nanga mwamuna wake angalephere kumudziwa? Uja wa ku Blantyre ndi nzeru zake za mwamuna aliyense ali kuti lero?"

Anthu anasekanso, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma chitseko cha khitchini chinatseguka, a Monica n'kutuluka, Ida ali pambuyo pawo. Sanagwade. Anaima pamaso pa a Yotamu, ndipo Ida anaona kuti amayi ake ndi aatali kuposa m'mene ankawadziwira.

"Aphunzitsi," anatero a Monica mofatsa, "munandiyang'ana m'maso mpaka munaona za mumtima mwanga, ndipo simunalakwitse. Koma mukanatsitsa maso anu pang'ono pokha n'kuona dzanja, mwana wanga akanakula akumva dzina la amayi ake."

Kuseka kunatha. A Yotamu anayang'ananso chala cha a Elliam chija. Anavula magalasi, anaika chipewa pa chifuwa, kenako anatsika pang'onopang'ono mpaka maondo a buluku la suti anakhudza mphasa.

"Mayi Monica," anatero, "tabwera kudzapempha mwana wanu."

Nthungululu inayambira kwa azakhali ake a Princess aja, amene anaiwala kuti akudwala, ndipo inafalikira mpaka ku mjigo. Amalume ake a Ida anavomera mofulumira ngati akuopa kuti wina asintha maganizo. Ida analira poyera, osabisa, ndipo ataona Hudson akumuyang'ana ndi mano onse panja anamukalipira ndi maso kuti adzigwire pamaso pa apongozi. Atayang'ana ku mpanda, diresi la pa Khirisimasi lija linali litasowa.

* * *

Masana onse pakhomopo panali ngati pa ukwati kale. Nkhuku imene a Elliam analipitsidwa inaphedwa nthawi yomweyo n'kudyedwa ndi owalipitsawo. A Yotamu anaimbira foni mlongo wawo ku Rivirivi n'kumufotokozera nkhani yonse, ndipo m'kufotokoza kwawo zinkamveka ngati chinsinsicho anachitulukira ndi iwo. Amayi a Hudson anapempha kulankhula ndi Ida, n'kumutcha mwana wanga kawiri konse. Ankhoswe anagwirizana kuti ukwati uyambe kulengezedwa m'tchalitchi Lamulungu lotsatira.

Amayi a m'mudzimo ankabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, ndipo aliyense ankalitchula dzina loti Monica mosamala ngati mbale yobwereka. A Elliam anakhala pakhonde pambali pa mkazi wawo, phewa kukhudza phewa, chinthu chimene Ida sanachionepo.

Ida anaperekeza Hudson kukafuna njinga yamoto. Pa njira Hudson anamufunsa ngati tsopano angamugwire dzanja, ndipo Ida anati angathe, bola asavale chipewa. Anayenda choncho mpaka pa mphambano, anthu akuwaona, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Ida anadutsa pa msika wa Ngokwe osamva munthu akunong'ona.

Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pobwerera anapeza njinga yakapalasa itatsamira mpanda, ndipo mwini wake, a Mwai, mlembi wa mpingo, anali ataima pabwalo atakana mpando. Anafotokoza akuyang'ana nsapato zawo kuti mtsikana wina wachilendo anafika kwa abusa masanawo n'kuwauza zonse, mpaka za chipewa. Abusa anaitanitsa akulu a mpingo kuti akumane mawa akatuluka m'tchalitchi. A Elliam asakakhale kutsogolo, ndipo popeza munthu amene wanamiza mpingo zaka zambiri chotere mlandu wake sutha tsiku limodzi, ukwati wa pakhomo pawo sulengezedwa mpaka nkhaniyo itaweruzidwa.

Ida anamva dzanja la Hudson likulimba pa lake. A Yotamu anayamba kuvala magalasi, chizindikiro choti akufuna kulankhula, ndipo a Elliam anazolika ngati munthu amene ankadziwa kuti zibwera. Koma amene anayankha anali a Monica, ali chikhalire pakhonde.

"Aitana ndani, a Mwai?"

"Abambo okha, mayi. Inu simunaitanidwe."

"Ndikudziwa," anatero a Monica akumanga bwino mpango wawo. "Nthawi ija munandiweruza osandiitana. Kawauzeni abusa aonjezere mpando, mawa ndikubwera."